Tikiti Yosatseka

Abwana Mazvita anati pofika Lachisanu
makina awiriwa azilankhulana.
Ananena ngati akutuma mwana kukagula mchere.

Kuno ku ofesi, pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi,
uthenga uliwonse umabadwa ndi nambala,
umapatsidwa mwini wake, kenako umatsekedwa.
Uko ku Msasa, kosungira katundu,
anyamata a malole ali ndi pulogalamu yawoyawo,
amalemberana mosakaniza nthabwala
ndi zithunzi za matayala ophulika.
Si kutali ayi,
koma funso lonyamuka kuno Lolemba
limakafika kumeneko litamera ndevu.

Ndiye ndatsala ndekha, Lachinayi usiku.
Magetsi apita. Jenereta ikutsokomola pansi pa masitepe.
Kunja, mahwindi a ku Copacabana akuitanira makombi omaliza,
la ku Mufakose landisiya kale.

Ndagogoda pa khomo la makina a ku Msasa
ndi kiyi wachinsinsi amene anandipatsa.
Ayankha ndi manambala atatu: 401.
Ndiko kunena kuti, ndiwe yani?
Funso lomwelo limene bambo anga
ankakumana nalo pa mzere wa ziphaso,
chipewa chili m'manja,
atakhala mu mzinda uno zaka makumi anayi.

Iwo anali mesenjala.
Kabudula wa khaki, njinga yakapalasa,
maenvulopu m'chikwama chachikopa,
kuchoka ofesi ino kupita ofesi iyo
osadziwa chimene chalembedwa mkati.
Mvula ikagwa ankabisa makalata m'malaya,
iwo n'kunyowa.
Lero ine ndikuwamanga ndi zilembo pa kompyuta,
njinga yawo ndi mizere makumi asanu ndi atatu.

Nthawi ili kota koloko pasiti teni, khomo latseguka.
Pafunika mawu oyesera.
Poti palibe amene awerenge,
ndalemba m'chinenero cha kukhitchini kwathu:
Muli bwanji?

Koma ndinaiwala kanthu kamodzi,
kuuza makinawo kuti azizindikira mawu awo omwe.
A kuno atumiza, a uko alandira n'kubweza,
a kuno ayesa ndi mlendo watsopano, atumizanso.
Muli bwanji? Muli bwanji? Muli bwanji?
Ngati anthu awiri aulemu wopitirira
okanirana kuyamba kulowa pakhomo.
Pamene ndimazula chingwe
moni anali atakwana mazana atatu ndi khumi ndi awiri,
foni ya dalaivala aliyense ikulira m'thumba
kuyambira ku Beitbridge mpaka ku Chirundu.

Ndagwira mutu. Mawa ndiyankha mlandu.

Kenako, pansi pa mulu wonsewo,
kamzere kamodzi kosachokera kwa ine.
Walemba ndi K. Chikaonda, wolembera malole usiku,
dzina limene ndaliona pa mndandanda chaka chathunthu
osalitchula mokweza n'kamodzi komwe:

Ndili bwino kaya inu.
Mwandifunsa kokwanira zaka zonse zimene sindinafunsidwe.
Kwanu n'kuti mwanawe?

Zala zanga zaima m'mwamba.
Ndinene Mufakose, kumene kuli mchombo wanga?
Ndinene Dedza, kumene ndinapitako kamodzi, pa maliro,
ana akundiseka katchulidwe?
Ndalemba zonse ziwiri.
Iwo ati, ife a ku Ntcheu, koma ndinabadwira ku Mabvuku.
Tatsala pang'ono kukhala apaulendo amodzi.

Cholakwikacho ndakonza, unali mzere umodzi basi.
Moni mazana atatu ndafufuta, ndi ena khumi ndi mmodzi.
Mmodzi ndamusiya.

Makina a kuno sadziwa kucheza.
Yankho la a Chikaonda alipatsa nambala,
aliika m'gulu la madandaulo,
ndipo tsopano akundifunsa mwaulemu,
Kodi nkhaniyi yatha? Inde. Ayi.

Mlonda akugwedeza makiyi pakhomo.
Ndavala juzi, ndazimitsa nyali ya pa tebulo.
Mawa abwana akaona tikiti imodzi yosatseka,
adzafunsa kuti mwini wake ndani.
Ndidzati ndi yanga.