Pamene Tinalekezera

Lamulo analiika ndi Idwal, mlongo wanga:
poyambira m'pamene tinalekezera.
Ngati chaka chatha tinathera pa chipata cha nkhosa,
chaka chino dzanja liyambe lakhudza chipatacho,
kenako mwendo.

Tinali ndi sabata imodzi pachaka.
Iye ankapempha tchuthi ku positi ofesi,
ine kochapira nsalu za m'chipatala,
ndipo gombe la Wales tinkalinyema pang'onopang'ono
ngati buledi wa masiku ovuta.

Kuchokera ku Aberdaron mvula inatiperekeza masiku anayi
osatsanzika.
Ku Harlech mchenga unalowa m'masangweji,
tinadya tikukukuta, tikuseka.
Ku Borth madzi ataphwa tinaona zitsa zakuda
za nkhalango imene nyanja inameza kalekale,
Idwal n'kukhala pa chimodzi, kuvula nsapato,
kuboola thuza ndi singano ya malemu amayi.

Madzulo aliwonse, cholembera chofiira.
Ankayala mapu pabedi, lilime lili panja ngati mwana wa sukulu,
n'kujambula kamzere kosakwana chala chake chaching'ono.
Thukuta la tsiku lonse, kameneko basi?
Kameneko basi, Eirlys.

Chaka chachisanu ndi chimodzi tinalekezera pa mtengo wa mpanda
kupitirira Cei Newydd, pamwamba pa phompho.
Anamangapo chingwe cha nsapato kuti tisadzakangane.
Titabwerako, mtengo palibe, chingwe palibe.
Namondwe wa m'nyengo yozizira anagumula dothi,
njira n'kugwera pansi
pamene akatumbu amaothera dzuwa pamiyala.
Anthu anali atalambula ina, yodutsa m'munda wa mlimi.
Idwal anaima duu, dzanja lili m'malere,
likufuna chokhudza.
Ndinaligwira ndine. Ndinati, yambira pano.
Anayenda tsiku lonse osandiyankhula,
ndipo usikuwo anasiya pa mapu kampata koyera,
kochepa ngati njere ya mpunga.

Tsopano mawondo ake anakana.
Dokotala anati masitepe a m'matanthwe awaiwale.
Ndiye amakwera basi ya m'mawa,
ija imayamba yazungulira midzi yonse,
kukandidikira kumapeto,
fulasiki ya tiyi ili pantchafu.
Ine ndimayenda ndekha ndi ndodo yake, yonditalikira.
Ndimawerenga zipata, ndimasokoneza, ndimayambiranso.
Nkhosa zimandiyang'ana ngati ndili nazo ngongole.
Dzuwa likawala, minga ya maluwa achikasu imanunkhira;
chifunga chikatsika nyanja sindiiona,
ndimangoimva ikupuma kudzanja lamanja,
nthawi zonse kumanja,
ngati munthu wogona m'chipinda china.

Ndikafika safunsa ngati ndatopa.
Amafunsa: sunadutse chidule?
Ndimati ayi.
Dzulo ndinanama.
Ng'ombe yamphongo inatsekereza njira pafupi ndi Abergwaun,
ine n'kubwerera, kuzungulira pamsewu wa phula.
Anayang'ana nsapato zanga zopanda matope,
anayang'ana kunyanja,
kenako anatsegula cholembera ndi mano
n'kujambula mzere wonse, osasiya mpata.

Pa kayendedwe kathuka, kutsogoloku kudakali zaka zisanu ndi zinayi.
Iye ali ndi makumi asanu ndi awiri, kudza zinayi.
Masamu amenewo sitiwachita mokweza.
Timakamba za sopo wa panyumba ya alendo,
za mtengo wa tikiti, za bondo la kumanzere
limene akuti lili ndi khalidwe kuposa linzake.

Lero ndalekezera pa khoma la katchalitchi kopanda denga.
Ndasiyapo mwala woyera wa kamzere kakuda,
ndaukankhira m'ming'alu kuti mphepo isautole.
Iye anali pabenchi kutsidya kwa msewu, akuona.
Anakuwa kuti, osati pamenepo, m'mwamba pang'ono,
poti dzanja lingafike osawerama.
Ndinausuntha.
Sindinafunse kuti dzanja la ndani.