Wopenta Mivi

Zaka makumi awiri ndi zisanu
ndakhala ndikupenta mivi yachikasu
pa miyala, pa zipupa, pa mitengo ya m'mphambano,
kuyambira ku Astorga mpaka kwathu ku Rabanal,
kulozera anthu ulendo umene ine sindinauyendepo.
Mlongo wanga Herminia ankandiseka:
"Eladio, ndiwe chikwangwani,
umaloza ku Santiago uli chiimire."

Chaka chino ndinatsuka burashi, ndinavundikira chitini,
ndinakwera basi kupita kumene njira imayambira.

Ku Roncesvalles nkhungu inameza phiri lonse.
Ndinkangomva mabelu a nkhosa zosaoneka
ndi chifuwa changa, wefuwefu, ngati mvukuto wong'ambika.
Muvi woyamba umene ndinakumana nawo
unali wokhota, utoto utayenderera ngati mamina a mwana.
Ndinang'ung'udza: wapenta ndani zoterezi?
Kenaka ndinautsatira.

Ku Puente la Reina chidendene chinatuluka thuza.
Mayi Itziar wa kunyumba ya alendo
analibaya ndi singano, nasiyamo ulusi.
"Usatukwane," anatero, "Yakobo woyera ali pakhomapo."
Ndinatukwanira mumtima.
Usiku umenewo tinagona anthu makumi anayi chipinda chimodzi,
mkonono wa zinenero zisanu ndi ziwiri,
masokosi onyowa ali lendelende pa mabedi.

Kupitirira Burgos dziko linati see.
Tirigu kumanja, tirigu kumanzere,
m'mawa chithunzithunzi changa chikunditsogolera,
masana n'kubisala pansi pa nsapato.
Mapemphero amene ndinanyamula
anatha tsiku lachitatu, buledi asanathe.
Ndinayamba kuwerenga adokowe pa nsanja za matchalitchi.
Kaya Mulungu anazilandira ngati pemphero, kaya.

Ku León magalasi a tchalitchi chachikulu
anandithira zofiira ndi zobiriwira pa malaya a thukuta.
Ndinakhala pa benchi mpaka mlonda anagwedeza makiyi.

Ndiyeno ndinalowa m'dera langa.
Mivi yanga! Yowongoka, yosongoka, yonyaditsa.
Koma pa mphambano ya El Ganso, mvula ikuwaza,
ndinaima kakasi.
Muvi uja ndinaupenta pamwamba zedi,
pamene munthu wowerama ndi chikwama sakweza maso.
Ndi angati anasochera pano,
akutchula dzina la Mulungu pachabe
chifukwa cha makwerero anga?

Chitseko cha kwathu chinali chotsekula,
fungo la msuzi wa adyo likundikoka malaya.
Herminia anatuluka ndi chidindo,
nadinda kabuku kanga ngati ka mlendo wina aliyense.
"Waonda," anatero. "Usalowe. Ukalowa sutulukanso."
Anatola kamwala pa khomo pomwepo,
pamene bambo ankakhala posenda mbatata,
nandifumbatitsa.

Pa Mtanda wa Chitsulo mphepo inkaluma makutu.
Mulu wa miyala, uliwonse ndi katundu wa munthu:
wina wolembedwa dzina, wina wokulungidwa m'sokosi ya khanda.
Wanga unali wopepuka, ndinachita nawo manyazi.
Nditautula, mawondo ananjenjemera
ngati ndatula thumba la simenti.

O Cebreiro, mvula. Sarria, mvula.
Ng'ombe za ku Galicia zinkandipatukira mwaulesi,
ndowe ndi matope zili ndendende m'nsapato.

Ku Santiago anthu ankalira, ankakumbatirana,
chofukizira lubani chikuuluka pamwamba pa mitu yathu.
Ine ndinkangoganiza za mphambano ija.
Misa itatha ndinafunsa mayi wogulitsa makandulo
kumene kuli sitolo ya utoto.

Lero m'mawa ndagwada ku El Ganso,
burashi m'manja, chitini chatsopano pambali.
Ndapenta muvi wina m'munsi, polekeza m'mawondo,
pamene maso a wotopa amagwera.
Dzanja linanjenjemera, wakhota pang'ono.
Ndausiya choncho.