Kalata Yomaliza ya ku Ardella

Mzindawu unabadwira papepala.
Bambo Whitcomb, a tayi yofiira,
anajambula misewu ndi rula ali ku Chicago
nautcha dzina la mwana wawo, Ardella,
mtsikana amene sanapondepo kuno ku Montana.

Chithunzi chake tinachionera ku Bergen:
mlimi akumwetulira, pulawo ikufukula ndalama.
Ankati mvula imatsata pulawo ngati galu.
Tinavomera. Wanjala sasankha maloto.

Sitima inatitula pamtetete mu 1910,
ine, Torvald, ndi bokosi la mbale za malemu amayi.
Panalibe mtengo womangirirapo hatchi,
zikhomo zokhazokha zolembedwa manambala
ndi mphepo yosadziwa kupuma.

Zaka zisanu mvula inatinyengerera.
Tirigu anafika m'chiuno mwa Torvald.
Kunabwera banki ya njerwa, mahotela awiri,
nyuzipepala yotuluka Lachinayi,
wozula mano amene ankametanso tsitsi.
Ine anandipatsa positi, chidindo ndi sikelo.
Makalata ankachoka onenepa ndi matama:
bwerani achimwene, kuno dothi ndi mafuta.
Puloti ya pakona inagulitsidwa kanayi chaka chimodzi
popanda woikapo ngakhale mwala.

Kenaka thambo linauma gwa.
Mitambo inkabwera kudzatizonda
n'kubwerera osatula kanthu.
Dzombe linadya tirigu, linadya zovala pachingwe,
linaseteka ndi thukuta la pampini wa fosholo.
Munda wa a Dvorak unanyamuka dzuwa lili paliwombo,
unadutsa pamwamba pa tchalitchi, ulendo wa ku Dakota.

Makalata anayamba kuonda.
Obwera anali a kwa eni ngongole,
ndinkawadziwa osatsegula,
ndinkawapereka nkhope ili pansi ngati ndalemba ndine.
Banki inatseka Lolemba, wotchi yake ikuyendabe.
A Whitcomb sitinawaonenso.
Akuti ali ku Florida, akugulitsa minda ya malalanje.
Papepala.

Anthu ankachoka usiku,
kusiya nyale pawindo kuti tiziyesa alipo.
Nyumba zina anazikweza pangolo, zinapita zathunthu,
masitepe n'kutsala okha, akukwera kopanda khomo.

Torvald sanachoke.
Wagona kuseri kwa kachitunda,
puloti yokhayo imene tinamaliza kulipira.

Lero boma lati nditseke.
M'thumba muli kalata imodzi, ndalemba ndekha,
yopita kwa Ardella Whitcomb, kulikonse kumene ali:
"Dzina lanu talisunga zaka makumi atatu.
Pachikwangwani patsala zilembo zitatu.
Mumsewu waukulu mwabwerera udzu uja tinagaula,
agwape akugona pakhonde la banki.
Ana amene anabadwira m'dzina lanu
akamafunsidwa kwawo amayamba aganiza.
Bwerani mudzalitenge, ine latha kundilemera."

Ndadinda. Inki yauma, deti silikuoneka.
Sitima siimanso pano,
imangolira ili patali, mwaulemu, ngati yodutsa pamaliro.
Ndiima m'mbali mwa njanji,
ndiponya thumba ikamadutsa.