Mpeni wa Bambo

Tsiku limene munda unagulitsidwa, bambo sanalire.
Anasaina pepala atalitsamiritsa pa boneti ya galimoto,
nabweza cholembera kwa mwini wake,
kenako anandifunsa ngati mpeni wawo womezanitsira mitengo
ndinauona penapake.

Munali mu Febuluwale, kunsi kwa mapiri a Talgar,
chipale chofewa chikadalekeza m'mawondo.
Anyamata oyeza malo anali atakhoma kale zikhomo zofiira
pakati pa mizere ya maapozi:
apa msewu, apa nyumba, apa poimika magalimoto.

Tinalowa usiku ngati mbala m'munda mwathu momwe,
ine ndi nyali, iwo ndi thumba.
Manja awo masiku ano amanjenjemera,
supuni imafika pakamwa itatsala theka,
ndiye ankangoloza, ine n'kumadula.
"Osati ako, Ulbolsyn, kakalamba.
Tenga ka chaka chatha, kowongoka ngati pensulo,
ka maso atatu kapena anayi."

Mtengo uliwonse ankaudziwa ndi mbiri yake.
Uwu unayamba kubereka chaka chimene mlatho unakokoloka.
Uwu ndi waulesi, ukabereka chaka chino, chamawa umapuma.
Uwu chipatso chake chimafuna manja awiri,
ukachiika pawindo
nyumba yonse imanunkhira mpaka Disembala.

Pobwerera anaima pa mpanda,
pa chitsamba cha rozi chimene anadzala malemu amayi.
Zaka makumi atatu akhala akuchinyoza:
chimamwa madzi, sichidyetsa munthu,
ntchito yake n'kung'amba malaya basi.
"Dulanso apo," anatero, maso ali kumbali.
Munga unandilasa chala. Ndinangokhala chete.

Timitengoto tinakulungidwa m'chiguduli chonyowa
n'kugonekedwa m'chipinda chapansi, pambali pa mbatatesi,
milungu isanu ndi umodzi,
uku makina akuzula mizu ya zaka makumi anayi
n'kumaiunjika m'mbali mwa msewu, miyendo m'mwamba.

Epulo atafika tinakwera kwa azakhali a Bakytgul,
kumene maapozi akutchire amamera okha kuseri kwa khola la nkhosa,
aang'ono, owawasa, osaopa chisanu.
Ndinacheka tsinde, ndinasongola kamtengo.
"Khungwa likumane ndi khungwa," anatero,
"apo ayi wangomanga nkhuni ziwiri."
Ndinakulunga nsalu, ndinamata phula,
mitengo khumi ndi iwiri,
chala chachikulu chili mabala okhaokha.

Ka rozi ndinangokazika m'chidebe chobooka pafupi ndi khomo,
popanda mwambo uliwonse,
n'kukaiwala.

Inagwira inayi yokha.
Ina inauma, umodzi inabudula mbuzi.
Bambo anawerenga kawiri, akuloza ndi ndodo.
"Inayi si yochepa. Ine ndinayamba ndi iwiri."
Akuti apozi woyamba tidzadya pakatha zaka zinayi, mwina zisanu.
Amanena kuti "tidzadya", ine sindiwatsutsa,
ngakhale adokotala a ku Almaty
anandikokera pambali n'kundiuza zina.

Koma rozi uja, wosalabadiridwa,
wachita duwa chaka chomwechino,
limodzi lokha, lopendekeka, lofiira mwamanyazi.
M'mawa uno ndawapeza atagwada pa chidebe
akuthira madzi otsala m'ketulo,
theka padothi, theka pansapato zawo.

Atandiona anakhosomola kaye.
"Ndi pachibale awa, sudziwa?
Ukayang'ane duwa la apozi wakutchire,
ukayang'anenso la rozi wa m'phiri:
timasamba tisanu, onse awiri.
Kungoti wina anasankha kubereka,
winayu kubaya."

Ndinawagwira mkono kuti adzuke.
Anapisa m'thumba la jekete, nthawi yaitali,
mpaka dzanja linamvera,
nandipatsa mpeni uja, chigwiriro chake chitada ndi thukuta,
nati ndikaunole, wabuntha.