Batani Lachinayi

Foni yanga imandiwerengera mphindi
ngati mmene wamalonda amawerengera tomato:
makumi awiri kwa Bambo Holroyd,
khumi ndi zisanu kwa mayi wa kuseri kwa tchalitchi,
kenako basi ya ku Sowerby Bridge, yosadziwa kudikira.
Mu Halifax muno ndimathamanga ndi kutulo komwe.
Pemphero la m'mawa ndimalitafunira limodzi ndi buledi,
chiimirire, nsapato imodzi kuphazi,
"Ameni" wake ndimakanenera pa siteji.

Lachiwiri lija kunkagwa kamvula kawo kaja,
kopanda bingu, kopanda fungo la dothi,
kongonyowetsa munthu mwakachetechete ngati ngongole.
Ndinalowa ndili wefuwefu.
Mankhwala m'kapu, tiyi pa tebulo, malaya paphewa,
zala zanga zitafika kale pa mabatani
pamene iwo anandigwira dzanja.
Sanakalipe. Anangoti, "Tandisiya, mwanawe.
Lero ndimanga ndekha."

Zala zimene zinaluka makapeti zaka makumi anayi
tsopano zimanjenjemera ngati bango m'madzi.
Batani loyamba linalowa.
Lachiwiri linathawa, linabwera, n'kuthawanso.
Ine mtima uli m'mwamba,
foni m'thumba ikundikanda ntchafu,
m'mutu ndikuwonkhetsa lendi, gasi,
fizi ya Tiyanjane, malata a nyumba ya ku Mponela
imene ndaiona pa zithunzi pokha.
Walira mvula walira matope, ndinadziuza,
koma matope akuno ali ndi wotchi.

Pa batani lachitatu masamu anandithera.
Ndinakhala pansi,
pa mpando wa malemu akazi awo,
umene chiyambire ndinkangoikapo chikwama.

Pamenepo nyumba inayamba kulankhula.
Mapaipi otenthetsa m'chipinda ankang'ung'udza zawo.
Dontho linkatsika pa galasi, n'kuima, n'kuganiza, n'kutsikanso.
Pa mpanda wa miyala yakuda
kambalame kofiira pachifuwa kanangoti duu,
kosapita kulikonse, kosapepesa aliyense.
Ndinamva mpweya wa nkhalamba ukulowa, ukutuluka.
Kenako ndinamva wanga,
mnzanga wogona naye nyumba imodzi zaka zitatu
osamupatsa moni.

Kwathu ndinaphunzira kuti Mulungu amabwera ndi ng'oma,
ndi makorasi, ndi thukuta la mapemphero a usiku wonse.
Ndimakhulupirirabe zimenezo.
Koma palibe anandiuza
kuti amathanso kukhala m'mphepete mwa sofa yothothoka,
manja pamaondo,
kudikira batani lachinayi,
osayang'ana nthawi,
Iye amene anaipanga.

Sindinapemphe kanthu.
Kwa nthawi yoyamba chitsikire ndege
ndinalibe mndandanda woti ndimuwerengere.
Tinangokhala atatu,
tiyi akuzizira.

Lachinayi linalowa ngati mwana wobwera mochedwa,
mwamanyazi, chammbali.
Bambo Holroyd anapumira m'mwamba, n'kuseka ndi maso okha.
Ndinaloza lachisanu, la pakhosi.
Anapukusa mutu: "Limenelo ayi.
Khosi nalo lizipuma."

Pa windo ndinaiona ikutsetsereka phiri, magetsi ali ngwee.
Basi inandisiya.
Basi, inandisiya.

Ku ofesi analemba m'buku lawo:
wachedwa ndi mphindi khumi ndi imodzi.
Sanalakwe, ndinasaina.
Sindinganame kuti ndinasintha;
mawa lake ndinathamanganso, mkuja chimodzimodzi,
malata sagulidwa ndi bata.
Kungoti masiku ena,
ndikafika pa khomo la munthu, kiyi ali m'manja,
ndimayamba ndaima.
Mvula imandipeza pomwepo.
Ndimamasula batani langa la pakhosi,
kukoka mpweya kamodzi mpaka pansi pa mimba,
n'kumvetsera ngati muli wina kale m'katimo,
wofika ine ndisanafike,
amene sanathamange.