Mutu, Mtima ndi Mchira

Loweruka, leveni koloko, ku Msasa,
kuseri kwa fakitale yamatayala imene inatsekedwa kale,
ndimamanga epuloni yakuda m'chiuno
n'kuwerenga alendo. Lero khumi ndi atatu,
kuphatikizapo bambo wachipewa chachikulu
amene wafunsa kale kawiri ngati kulawako n'kwaulere.

Tiyambire pano, ndimatero. Gwirani mpungawu.
Amapisa manja m'thumba ngati ataya mphete.
Nunkhizani. Wayenda pa lole masiku anayi,
Dedza, Tete, Nyamapanda,
njira yomwe bambo anga anadzera wapansi,
kungoti mpungawu uli ndi mapepala ake onse.
Apa amaseka.
Ndinaphunzira kuyamba ndaima kuti aseke.

Kenako migolo yowira. Gunditsani khutu.
Mukumva kung'ung'udzako?
Masiku asanu ndi anayi akudandaula chonchi
asanalole kukhala mowa.
Kenako mphika wamkuwa wa bwana Gwatidzo,
wodula kuposa nyumba imene ndimachita lendi ku Mufakose.
Amaujambula, amadzijambula nawo,
nkhope zawo zitafufuma pamimba pake.

Madontho oyamba ndi mutu, ndimawauza, timataya.
Apakati ndi mtima, ndiwo wam'botolo.
Otsiriza ndi mchira, madzimadzi.
Mtsikana wina akulemba m'kabuku.

Zimene sindinena pa ulendowu:
mgolo wadzimbiri m'bango la Mukuvisi,
paipi yodutsa m'tayala lodzaza madzi,
phala la ufa lomata podontha,
ndi mayi anga, Likisina, atanjuta usiku wonse
khutu limodzi ku mgolo, lina ku msewu.
Sindinena za nsapato za apolisi,
za pikisi imene inaboola mgolo wachitatu,
kapena kuti fizi yanga ya Fomu Folo
inadontha pang'onopang'ono m'botolo la mafuta ophikira.
Laisensi ya bwana ili m'galasi pakhoma.
Ya mayi inali miyendo.

Pa tebulo lolawira timatambula tandandalika.
Musagugudize, ndimachenjeza, mulekeni akhale palilime.
Mayi wa ku Borrowdale watsinzina,
akuti akumva maluwa a mango ndi mvula yoyamba.
Mwamuna wake akungomva moto, akutsokomola.
Wachipewa uja wapereka tambula kachiwiri.

Mwezi wathawu mayi anabwera osandiuza.
Analipira pageti ngati wina aliyense,
madola asanu opindidwa pamfundo ya chitenje,
n'kuima kumbuyo, kachikwama m'khwapa.
Ndinalankhula Chingerezi changa chonse, thukuta kamukamu.
Pa nthabwala ya mapepala sanaseke.
Titafika pa mphika anadutsa chingwe chofiira chija,
anagogoda mkuwa ndi chala chopindika,
anapendeketsa mutu, kumvetsera.
Moto wachuluka, anatero m'chinenero chathu,
mukuthamangitsa mwana asanayambe kukwawa.

Mnyamata wadigiri, wajasi loyera,
anandiyang'ana kuti ndimasulire.
Ndinamasulira.
Anayang'ana geji nthawi yaitali,
kenako, poganiza kuti palibe akumuona,
anapotoza kagudumu pang'ono.

Polawa anangonyowetsa milomo.
Wabwino, anati, koma ngwaulemu kwambiri,
sanathawepo munthu.
Anakana botolo laulere, anakakwera kombi.

Lero alendo apita, zikwama zikulira magalasi.
Ndatsuka timatambula khumi ndi titatu, magetsi azima,
jenereta ikukana kudzuka.
Mumdimamo ndathira dontho pa supuni,
ndakhwatcha machesi monga ankachitira iwo.
Lawi labuluu, lopanda utsi, laima njo.

Pa chitupa cha mayi analembapo kuti mlendo,
ngakhale mchombo wawo unagwera ku Mbare.
Loweruka likudzali ndidzanenanso kuti
takulandirani alendo athu,
ndipo ndidzaima kaye pa mphika
kumvetsera ngati moto wachuluka.