Nyerere za Kuseri kwa Bafa

Zinayamba ndi nyerere, mwanangu.
M'mawa uliwonse kuseri kwa bafa,
pomwe ndinkakhuthula chitini cha usiku,
zinkandanda ngati ana pakhomo la okala.
Ine ndinkangozisesa.
Kenako ludzu, ludzu losamva madzi,
kapu, kapu ina, ndowa n'kuphwa,
lilime lili gwa ngati chikopa cha ng'oma.

Unali ndi miyezi isanu m'mimba mwanga
pamene chiwawu chinagwa pa tomato.
Bambo ako Lufeyo msana unali utakana,
ali chagada pamkeka, kuwerengera kudenga ngongole ya feteleza.
Ndinabereka ndine sipuleya.
Iwe kutsogolo, iyo kumbuyo,
ine pakati ngati njinga ya kabaza.
Chivundikiro chake chinali chong'aluka.
Madzi oyera ngati mkaka ankatsetsereka ndi msana
mpaka m'chiuno, pafupi ndi pogona pako.

Mankhwalawo tinagula pa Bvumbwe
kwa mnyamata wa pathebulo,
m'kabotolo ka chakumwa kopanda dzina.
"Tizivindikiro tiwiri pa ndowa. Mukakwiya, titatu."
Ndinkatakasa ndi kamtengo.
Kamtengo katathyoka, ndinapisa dzanja.
Ndipo mphepo ya kuno sifunsa komwe waima.

Ku sikelo Mayi Nakhumwa anandibaya chala.
Kadontho kamodzi.
Kamakina kanaganiza, kanaganiza, kenako kanatchula nambala.
Iwo anavula magalasi.
"Kwanu alipo wodwala shuga?"
Ndinayenda m'mutu mudzi wonse wa kwa amayi,
khomo ndi khomo, mpaka kumanda. Palibe.
Shuga, ine,
amene tiyi ndimamwa wowawa chikwerere paketi mtengo?
Ndinaseka.
Iwo sanaseke.

Anatenga manja anga, n'kuwatembenuza,
zikhadabo zachikasu, khungu losupuka pakati pa zala.
"Mumapopera?"
"Ndimapopera."
"Sindinganene kuti ndi chimenecho.
Shuga wa pamimba ali ndi makomo ambiri,
ena amamupeza asanagwirepo botolo.
Koma ofufuza akulikayikira khomo limeneli, sanamalize.
Inu musawadikire."

Anati ukhoza kukula mopitirira njira yako yotulukira.
Anati ndikachirire kuchipatala cha ku boma,
ndisiye thobwa, mandasi ndiziwadutsa ngati sindiwadziwa,
mgaiwa ndiziyeza ndi chibakera changa,
ndipo chibakera changa n'chaching'ono.

Lufeyo atamva sanayankhe.
Anadzuka mogwira khoma,
natenga chigubu chachikasu chija tinkatungira madzi akumwa,
chija tinapatsidwa kuesiteti titachitsuka katatu ndi phulusa,
nachiboola ndi chikwanje.
Madzi anayenda pabwalo kufunafuna kotsika.
Nkhuku ina itathamangira, anaigenda.

Tsopano amapopera ndiye, chowerama,
majumbo a shuga kumanja, mpango wanga kukamwa.
Zovala zake amachapa yekha, kumunsi kwa dimba.
Sindinamuuze kuti ndamukhululukira
chifukwa sindidziwa ngati mlandu ndi wake,
kapena wa mnyamata wa pathebulo,
kapena wa chiwawu, chomwe nachonso chimangofuna kudya.

Tomato anapsa, mwanangu. Ukanamuona!
Wosalala, wopanda banga ngakhale limodzi.
Loweruka pamsika ogula a ku Limbe ankalimbirana madengu.
Panafika mtsikana, mimba yake yocheperapo pa yanga,
anasankha mmodzi, n'kumupukuta pachitenje,
n'kumukweza kukamwa.
Tinali titapopera Lachinayi.
Ogula ena anali chiimire, ndalama zili m'manja.
Mawu anandikakamira pakhosi ngati mbatata youma,
koma anatuluka, aang'ono:
"Achemwali, kamutsukeni kaye."
Anandiyang'ana, nayang'ana mimba yanga,
namuika m'jumbo.

Lero m'mawa ndapitanso kuseri kwa bafa.
Ndanjuta movutikira, iwe ukukankha nthiti,
ndaziwerenga.
Zachepa.
Mwina ndi chibakera chija,
mwina ndi chiperoni chomwe chagwa usiku wonse.
Lachiwiri kamakina kadzanena.
Pakadali pano gona, usafulumire kunenepa.